Akati Mwaphwanya Pangano, Tulukani: Zimene Malamulo a South Africa Amanena kwa Okhala M'nyumba za Eni

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa ogwira ntchito zapakhomo ndi za m'mafamu ochokera m'maiko oyandikana ndi South Africa

Ndikudziwa kuti ena mwachita kupempha chilolezo kwa abwana, ndipo ena mwakwera thekisi ndi ndalama zomwe mukadatumiza kumudzi. Nkhani yathu lero ndi ya denga limene mumagona pansi pake: chimene muyenera kudziwa ndi kuchita mwini nyumba kapena mwini famu akakuuzani kuti mwaphwanya pangano, ndiye mulongedze katundu wanu mutuluke.

Ambiri mwa ife muno sitikhala m'nyumba zathuzathu. Ena tikuchita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu ku Diepsloot, ku Tembisa kapena ku Dunoon. Ena tili m'mafulati a ku Hillbrow ndi ku Yeoville. Ena timagona m'chipinda cha wantchito pakhomo pa abwana, ndipo ena tili m'nyumba za pafamu ku De Doorns, ku Ceres kapena cha ku Musina. Munthu wochokera ku Mzimba, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete akathamangitsidwa madzulo, alibe kwa amalume kothawira usiku umenewo. Kutaya chipinda kumakoka zambiri: ntchito imagwedezeka, ana amasiya sukulu pakati pa chaka, ndipo katundu amene mwavutikira zaka zambiri amanyowa ndi mvula m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mumvetsere modekha, ndipo amene muli ndi cholembera mulembe mayina a malamulo ndi manambala a masiku amene nditchule.

Maziko a chitetezo chanu

Malamulo aakulu a dziko lino, omwe adavomerezedwa mu 1996, ali ndi gawo 26 lonena za nyumba. Ndime yachitatu ya gawo limeneli imaletsa kuchotsa munthu m'nyumba imene akukhalamo, kapena kuigwetsa, popanda chigamulo cha khoti, ndipo khotilo liyenera kuyamba laganizira mbali zonse za nkhaniyo. Amene adalemba mawu amenewa adaona ndi maso awo zimene boma la tsankho linkachita. Mabanja a ku Sophiatown adayamba kusamutsidwa mokakamiza mu 1955, ndipo District Six ku Cape Town idalengezedwa kuti ndi dera la azungu okha mu 1966, eni ake n'kuthamangitsidwa. Tsono olembawo adasankha mawu awo mosamala. Pa ufulu wovota adalemba kuti ndi wa nzika za dziko lino. Pa nkhani yochotsa munthu m'nyumba adalemba kuti pasapezeke munthu aliyense wochitidwa zimenezo. Mmalawi, Mzambia, munthu wa ku Mozambique kapena ku Zimbabwe ali m'gulu la aliyenseyo, ndipo chitetezo chimenechi ndi chakenso.

Pali zinthu zitatu zimene eni nyumba amakonda kuziphatikiza ngati n'chimodzi: kukunenezani kuti mwaphwanya pangano, kuthetsa panganolo, ndi kukutulutsani m'nyumba. Choyambacho ndi mawu ake chabe, ndipo muli ndi ufulu wowatsutsa. Chachiwiricho chili ndi ndondomeko imene ayenera kuitsata. Chachitatucho chili m'manja mwa khoti lokha, ndipo wodzakwaniritsa chigamulocho ndi sherifu wa khoti, atanyamula chikalata cha khoti m'manja. Mukagwiritsitsa kusiyana kwa zinthu zitatuzi, mantha ambiri amachepa, chifukwa mudzazindikira kuti mawu akuti "pofika Lachisanu ndisakuoneni pano" alibe mphamvu ya lamulo.

Pangano lanu ndi mlandu umene akukunenezani

Ena mwa inu mukuganiza kuti popeza simudasainirane pepala, ndiye kuti mulibe pangano. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limavomereza pangano la pakamwa, ndipo limanena kuti mukapempha kuti lilembedwe, mwini nyumba ayenera kulilemba. Limamulamulanso kukupatsani lisiti pa ndalama iliyonse imene mwalipira. Ngati pali malamulo a pakhomo, monga nthawi yotseka geti kapena za alendo, ayenera kuphatikizidwa ku pangano lolembedwalo kuti muwadziwe pachiyambi pomwe.

Milandu imene anthu athu amanenezedwa kawirikawiri timaidziwa: kuchedwa kulipira lendi, kusunga m'bale amene wangofika kumene kuchokera kumudzi, phokoso, kuluka tsitsi kapena kugulitsa mandasi pakhomo, ndi kuwononga chitseko kapena zenera. Mukauzidwa zotere, funsani mwaulemu mafunso awiri: ndi mfundo iti ya pangano imene ndaphwanya, ndipo mungandilembere? Mfundo imene simudagwirizane n'kovuta kuti ikhale yophwanyidwa. Ngati mudalowa m'chipinda muli awiri, mwini nyumba akudziwa ndipo wakhala akulandira lendi kwa chaka chonse osadandaula, n'zovuta kuti lero anene kuti kukhala awiriko ndi mlandu.

Ngakhale mlanduwo utakhala woona, nthawi zambiri lamulo limafuna kuti mupatsidwe mpata wokonza cholakwacho. Ngati pangano lanu ndi la nthawi yoikika, monga miyezi 6 kapena 12, ndipo mwini nyumbayo amachititsa lendi ngati bizinesi yake, gawo 14 la Consumer Protection Act ya 2008 limamulamula kukulemberani kalata yofotokoza cholakwacho ndi kukupatsani masiku 20 ogwira ntchito kuti mukonze. Masiku amenewa sawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide a boma, choncho ndi pafupifupi milungu 4. Tiyerekeze kuti mwatsalira ndi R1,800 ya lendi ndipo mwalandira kalata yotere. Mukalipira ndalamayo masiku 20 aja asanathe, mwini nyumba sangathetse pangano pa chifukwa chimenecho. Akathetsa pangano osakupatsani mpata umenewu, kuthetsako kukhoza kutsutsidwa m'khoti.

Ndikuuzeninso mbali yowawa. Ngati mumangolipira mwezi ndi mwezi popanda tsiku lothera pangano, mwini nyumba akhoza kulithetsa pokupatsani notisi ya mwezi wathunthu, ngakhale musanalakwe kanthu. Komabe mweziwo ukatha inu mukadali momwemo chifukwa simunapeze kolowera, iye alibe mphamvu yokutulutsani ndi manja ake. Mu 2002, pa mlandu wa Ndlovu ndi Ngcobo, khoti la Supreme Court of Appeal lidagamula kuti ngakhale munthu amene pangano lake la lendi latha amatetezedwa ndi lamulo loletsa kuchotsa anthu mwachisawawa, ndipo mwini nyumba ayenera kupita kukhoti.

Zimene mwini nyumba saloledwa kuchita

Popeza njira ya khoti imatenga nthawi ndi ndalama, eni nyumba ena amafuna yachidule. Amasintha loko inu muli kuntchito, amadula magetsi kapena madzi, amazula chitseko, amachotsa malata, amatulutsa katundu wanu panja, kapena amagwira firiji ndi wailesi yakanema ponena kuti ndi chikole cha ngongole. Zonsezi n'zosaloledwa. Rental Housing Act imanena kuti kutsekera kunja munthu wochita lendi kapena kumudulira madzi ndi magetsi mosatsata lamulo ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 2. Lamulo la 1998 lotchedwa PIE, lomwe dzina lake lonse ndi Prevention of Illegal Eviction from and Unlawful Occupation of Land Act, limaikanso chilango chomwecho pa gawo 8 kwa wochotsa munthu popanda chigamulo cha khoti. Katundu wanu sangagwiridwe popanda chilolezo cha khoti kapena cha bwalo loona za lendi, ngakhale mutakhala ndi ngongole. Ndipo mwini nyumba akafuna kuyendera chipinda chanu, ayenera kukudziwitsani nthawi ikadalipo, osangolowa n'kuyamba kufufuza m'zikwama zanu.

Zikakuchitikirani, musathyole loko mwaukali ndipo musamenyane ndi munthu, chifukwa mukatero mlandu umatembenukira kwa inu. Jambulani ndi foni loko watsopanoyo, katundu ali panjayo ndi mita yodulidwayo. Pitani kupolisi mukatsegule mlandu. Apolisi ena adzakuuzani kuti imeneyo ndi nkhani ya inu awiri, ndiye pamenepo mutchule gawo 8 la PIE ndi gawo 16 la Rental Housing Act, ndipo mupemphe nambala ya mlandu. Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake funani loya kapena wothandiza pa zamalamulo. Pali chigamulo chamsangamsanga chimene maloya amachitchula kuti mandament van spolie, chomwe chimalamula wolandayo kubweza zinthu mmene zidalili. Pa chigamulo chimenechi khoti silifunsa kaye ngati mudalipira lendi kapena ayi. Limafuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: kodi munkakhalamo mwamtendere, ndipo kodi mwachotsedwa popanda lamulo? Koma chimafuna changu, chifukwa mukadikira milungu yambiri khoti limakayikira ngati nkhaniyo ndi yofulumiradi.

Bwalo loona za lendi

M'chigawo chilichonse cha dziko lino muli bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal. Kukadandaula kumeneko n'kwaulere ndipo simufunika loya. Mumadzaza fomu, n'kupereka umboni umene muli nawo. Bwaloli limayamba ndi kuyesa kukuyanjanitsani, ndipo zikakanika limamva mbali zonse n'kugamula. Chigamulo chake chili ndi mphamvu yofanana ndi cha khoti la majisitireti. Likhoza kulamula kuti loko achotsedwe, magetsi abwezeretsedwe, kapena dipoziti ibwezedwe, koma lilibe mphamvu yolamula kuti munthu achotsedwe m'nyumba.

Mfundo imene ndikufuna muilembe ndi iyi. Kuyambira tsiku limene mwapereka dandaulo lanu mpaka bwalo litagamula, kapena mpaka miyezi 3 itatha, chimene chayamba kufika, mwini nyumba saloledwa kukuchotsani, malinga inu mukupitiriza kulipira lendi imene munkalipira kale. Mu 2012 khoti la Constitutional Court lidamva mlandu wa Maphango, wa anthu ochita lendi m'mafulati a Lowliebenhof ku Braamfontein, omwe mwini wake adathetsa mapangano awo n'cholinga chowapatsa atsopano a lendi yokwera kwambiri. Khotilo lidanena kuti ngakhale pangano litalola kuthetsa, bwalo loona za lendi lili ndi mphamvu younika ngati kuthetsako kuli mchitidwe wopondereza. Choncho ngati mukuona kuti mlandu umene akukunenezani ndi chonamizira chabe, chifukwa mudadandaula za chimbudzi chowonongeka kapena chifukwa wapeza wina wolipira zambiri, kanenni zimenezo ku bwalo limeneli.

Nkhani ikafika kukhoti

Mwini nyumba akatsata njira yoyenera, mudzalandira zikalata za khoti kudzera mwa sherifu. Lamulo la PIE limafuna kuti inu ndi khonsolo ya dera lanu mudziwitsidwe mwa kalata masiku osachepera 14 tsiku la mlandu lisanafike. Kalatayo iyenera kunena tsiku ndi malo a mlandu, zifukwa zimene akufunira kukuchotsani, ndiponso kuti muli ndi ufulu wokadziteteza ndi wopempha loya wa boma. Abale anga, zikalata zimenezi musazibise pansi pa matiresi poganiza kuti nkhaniyo izizira yokha. Mlandu suwola. Mukapanda kupita, khoti limamva mbali imodzi n'kugamula inu kulibe, ndipo kubweza chigamulo chotere n'kovuta kwambiri kuposa kukaonekera tsiku loyamba. Ngati Chingerezi chikukuvutani, nenani msanga kuti mukufuna womasulira. Ngati simunapeze loya, pitanibe ndipo mupemphe majisitireti kuti akupatseni nthawi yomufuna.

Khoti limayamba kuona ngati pangano lidathetsedwa motsata lamulo. Kenaka limafunsa ngati kukuchotsani kuli kwachilungamo poganizira zonse. Lamulo limatchula mwapadera okalamba, ana, olumala ndi mabanja amene mutu wake ndi mayi. Ngati mwakhala pamalopo mosaloledwa kwa miyezi yoposa 6, khoti liyeneranso kuona ngati pali malo ena amene mungasamukireko. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight wa anthu okhala m'nyumba ina ku Berea mu Johannesburg, Constitutional Court idagamula kuti khonsolo ili ndi udindo wopereka pogona pongoyembekezera kwa osauka amene angasowe pokhala, ngakhale wowachotsayo atakhala munthu wamba kapena kampani. Koma majisitireti sangalote za moyo wanu. Muuzeni kuti muli ndi ana angati, amaphunzira kuti, mumalandira ndalama zingati, ndani akudwala, ndi kumene mwayesa kufuna chipinda china. Khoti likagamula kuti mutuluke, limaika tsiku loti muchoke nokha ndi tsiku lina limene sherifu angabwere ngati simunachoke. Zimene mwauza khoti ndi zimene zimachititsa kuti mupatsidwe nthawi yokwanira, mwina mpaka ana atatseka sukulu.

Kwa inu a m'mafamu

Okhala m'mafamu muli ndi lamulo lanu, la 1997, lotchedwa ESTA, kutanthauza Extension of Security of Tenure Act. Limateteza munthu amene akukhala pa malo a wina kunja kwa matauni ndi chilolezo cha mwini malo kapena woyang'anira, ngati malipiro ake saposa R13,625 pamwezi. Chilolezocho sichifunika kukhala cholembedwa. Ngati mwakhala pafamu poyera ndi mosalekeza kwa chaka chimodzi, lamulo limatenga kuti mudaloledwa, pokhapokha mwini famu abweretse umboni wotsutsa.

Pafamu nyumba imayenda ndi ntchito, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Kapitawo amanena m'mawa kuti ntchito yatha, madzulo ake n'kubwera kudzatenga makiyi. Lamulo limati ngati mukukhala m'nyumbayo chifukwa cha ntchito yokha, ufulu wanu wokhalamo ukhoza kuthetsedwa mukasiya ntchito nokha kapena mukachotsedwa motsata Labour Relations Act. Ngati mukutsutsa kuchotsedwako, kadandauleni ku CCMA masiku 30 asanathe, ndipo ufulu wanu wokhala m'nyumbayo sutha mpaka nkhani ya ntchitoyo itagamulidwa. Ikatha imeneyo, mwini famu ayenerabe kupereka notisi yolembedwa ya miyezi 2 kwa inu, kwa khonsolo ndi ku ofesi ya boma yoona za malo m'chigawocho, n'kupita kukhoti. Majisitireti akalamula kuti muchoke, chigamulocho chimayamba chaunikidwanso ndi khoti lalikulu la za malo, lomwe kale linkatchedwa Land Claims Court ndipo tsopano ndi Land Court.

Achikulire muli ndi chitetezo choposa pamenepa. Munthu amene wakhala pafamu zaka 10 ndipo wakwanitsa zaka 60 zakubadwa, kapena amene wakhalapo zaka 10 zomwezo ndipo adagwira ntchito pafamupo koma sangathenso chifukwa cha matenda, kuvulala kapena kulumala, sachotsedwa chifukwa chongolephera kugwira ntchito. Angachotsedwe pokhapokha atapalamula mlandu waukulu, monga kuvulaza anthu, kuwononga katundu mwadala kapena kulola anthu osaloledwa kumanga pamalopo. Munthu wotere akamwalira, mkazi wake, mwamuna wake kapena amene ankadalira iye ayenera kupatsidwa notisi ya miyezi 12.

Amayi, mvetserani bwino apa. Mu 2016, pa mlandu wa Klaase wa ku Western Cape, mwini famu adapeza chigamulo chochotsa bambo amene ntchito yake idatha, poganiza kuti mkazi wake angotsatira. Constitutional Court idagamula kuti mayiyo, amene adakhala pafamupo zaka zambiri mwini famu akudziwa, adali ndi ufulu wakewake wosadalira wa mwamuna wake, ndipo sakadachotsedwa osamvedwa. Chaka chotsatira, mu 2017, pa mlandu wa Daniels ndi Scribante, khoti lomwelo lidaimira mayi wogwira ntchito zapakhomo wokhala pafamu ina ku Stellenbosch, amene adaletsedwa kukonza nyumba yake ndi ndalama zake. Khoti lidati wokhala pafamu ali ndi ufulu wokonza nyumba kuti ikhale yoyenera munthu, atakambirana ndi mwini malo, ngakhale mwiniyo atakana. ESTA imakupatsaninso ufulu wolandira alendo enieni pa nthawi yoyenera, wokhala ndi banja lanu ndi wopeza madzi. Choncho wina akanena kuti mwaphwanya pangano chifukwa mlamu wanu adadzacheza Lamlungu, musafulumire kuvomera mlandu.

Eni mafamu ena amabwera ndi pepala ndi ndalama pang'ono, kuti musaine zoti mwachoka mwa kufuna kwanu. Lamulo limati kusaina kotaya ufulu wanu wa ESTA kulibe mphamvu pokhapokha lamulolo litalola kapena khoti litavomereza. Komabe mukakwera lole ndi katundu wanu, kubwerera kumakhala nkhondo yaitali. Musasaine chilichonse chimene simunachimve, ndipo pemphani kuti mupite nacho kwa wokuthandizani kuwerenga.

Kwa inu ogona pakhomo pa abwana

Ogwira ntchito zapakhomo amene mumagona pantchito, malamulo a ntchito yanu otchedwa Sectoral Determination 7 amanena kuti abwana akafuna kukuchotsani ayenera kupereka notisi ya mlungu umodzi ngati mwagwira miyezi 6 kapena kucheperapo, ndi ya milungu 4 ngati mwapitirira miyezi 6. Akathetsa ntchito notisiyo isanakwane, ayenera kukulolani kukhalabe m'chipindamo kwa mwezi umodzi, kapena mpaka tsiku limene ntchitoyo ikadatha mwalamulo ngati tsikulo lili patsogolo. Ndalama yodula pa malipiro chifukwa cha chipinda isapose 10 peresenti, ndipo chipindacho chikhale chosadontha, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhomeka. Ngati chipindacho ndiye kwanu, mulibe kwina kogona, gawo 26 lija likukutetezani ngati wina aliyense. Abwana saloledwa kuika sutikesi yanu kunja kwa geti usiku chifukwa chakuti mwakangana.

Nkhani ya zitupa

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ambiri. Mwini nyumba amati, "Ukalimbana nane ndiitana a Home Affairs." Ndiyankhule mosabisa. Malamulo oona za olowa m'dziko ndi apadera, ndipo amagwirabe ntchito pa munthu amene pemiti yake yatha. Koma kusowa zitupa sikupatsa mwini nyumba mphamvu yothyola chitseko chanu kapena kugwira katundu wanu, ndipo khoti lokha ndi limene lingalamule kuti muchoke. Pa nkhani ya ntchito, khoti la Labour Court lidagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, kuti munthu wakunja amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amawerengedwabe ngati wantchito ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA. Ngati zitupa zanu sizili bwino, yambani mwaonana ndi loya kapena bungwe lothandiza obwera musanapite kupolisi kapena kukhoti, ndipo mumuuze zoona zokhazokha kuti akusankhireni njira yosakuikani pangozi. Zimene mumauza loya wanu zimasungidwa mwachinsinsi.

Udindo wanu ndi zoyenera kuchita

Malamulo onsewa sapatsa munthu nyumba yaulere. Amene salipira lendi ndipo pangano lake lathetsedwa moyenera, pamapeto pake khoti lidzamulamula kuti atuluke, ndipo ngongole idzamutsatabe. Chimene malamulo amapereka ndi mpata wokonza cholakwa, mwayi womvedwa, ndi nthawi yosamuka mwaulemu. Choncho musasiye kulipira lendi pofuna kulanga mwini nyumba amene sakukonza denga, chifukwa mukatero mwamupatsa nokha chikwapu chokukwapulirani. Lipirani, kenaka kadandauleni ku bwalo loona za lendi. Akakana kulandira ndalama n'cholinga choti adzanene kuti simulipira, mulembereni uthenga pa WhatsApp wonena tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama imene mumafuna kupereka, ndipo ndalamayo muisunge padera osaidya.

Umboni ndiwo umapulumutsa munthu. Lipirani kudzera kubanki ngati n'kotheka. Ngati mumalipira pamanja ndipo lisiti sapereka, khalani ndi kabuku kolembamo tsiku ndi ndalama, iye azisainamo. Jambulani chipinda tsiku lolowa. Lamulo limafuna kuti inu ndi mwini nyumba muyendere chipindacho limodzi polowa ndi potuluka, ndipo iye akapanda kuchita zimenezo inu mulipo, limatenga kuti wavomereza kuti chipindacho chili bwino, motero dipoziti yanu iyenera kubwezedwa yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ngati palibe ngongole kapena chowonongeka, dipoziti ibwezedwe masiku 7 asanathe pangano litatha. Jambulani pangano, malisiti ndi makalata onse, n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika, kuti foni ikatayika kapena mukatsekeredwa kunja umboni usatayike. Kalata iliyonse yokunenezani muiyankhe molemba, mwachidule ndi mwaulemu, kunena chimene mukuvomereza ndi chimene mukukana.

Thandizo lilipo, ndipo lambiri ndi laulere kwa opeza zochepa. Legal Aid South Africa ili ndi maofesi m'zigawo zonse, ndipo nambala yake yoimba mwaulere ndi 0800 110 110. Pali Lawyers for Human Rights, Legal Resources Centre, ndi SERI ku Johannesburg. Ku Cape Town kuli Scalabrini Centre yothandiza obwera ndi Ndifuna Ukwazi yoona za nyumba. Amayi a m'mafamu a ku Western Cape akudziwa Women on Farms Project ya ku Stellenbosch, ndipo ogwira ntchito zapakhomo muli ndi SADSAWU ndi Izwi Domestic Workers Alliance. Mayunivesite ambiri alinso ndi maofesi opereka uphungu wa zamalamulo kwaulere. Safunsa adadya phula, ndiye pitani kalata yoyamba ikangofika, musadikire kuti sherifu aime pakhomo.

Pomaliza, abale anga, mutu umodzi susenza denga. Mwini nyumba amene amazula chitseko cha mayi wokhala yekha amaganiza kawiri akaona anthu asanu ataima chete, mafoni ali m'manja, wina akuimbira loya. M'magulu athu a maliro, a chipereganyu ndi a kutchalitchi kapena kumzikiti, sankhani munthu mmodzi wosunga manambala a mabungwe ndatchulawa, ndi wina wodziwa Chingerezi woti aziperekeza anzake ku bwalo la lendi ndi kukhoti. Mukabwerera kumene mukukhala, fotokozerani amene sanathe kubwera lero, makamaka ongofika kumene, chifukwa ndi amene amaopsezedwa mosavuta. Amene mwabwera ndi makalata ochokera kwa eni nyumba kapena zikalata za khoti, musachoke nazo osazionetsa. Tikhala pompano mpaka tione tsiku limene lalembedwa pa chikalata chilichonse.